KOLERA KU NKHOTAKOTA: Zimene Akatswiri Apeza M'kati mwa Kachilombo

Anthu okhala m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, kuyambira ku Dwangwa kukafika ku Chia, sadzaiwala msanga chaka cha 2022. Nthenda ya kolera, imene Unduna wa Zaumoyo unalengeza m'mwezi wa March chaka chimenecho itapezeka ku Machinga, siinathe ndi mvula monga mwa chizolowezi chake. Inapitirira m'chilimwe, nikantha maboma a kunyanja monga Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, kufikira inakuta dziko lonse. Pa 5 December 2022 Boma linalengeza kuti nthendayi ndi ngozi ya dziko. Pofika m'chaka cha 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala, ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Chiyambire 1973, pamene kolera anaoneka koyamba m'Malawi, sikunagwe mliri wake waukulu chotere.

Tsono ambiri anafunsa kuti: kodi nthendayi inachokera kuti? Ena ananena kuti imakhala m'nyanja chikhalire, ena anatchula mphepo yoipa, ndipo ena ananong'ona za ufiti. Yankho la akatswiri lilipo tsopano, ndipo n'koyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma alidziwe, popeza ndiwo amene anthu a m'midzi amawafunsa.

Choyambitsa kolera ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae, kopindika ngati mbedza, kakang'ono kwambiri kotero kuti timazana tingapo titandanda pamzere sitingapose milimita imodzi. M'chaka cha 1854 Dr. John Snow wa ku London anasonyeza kuti anthu amene anali kufa m'dera lina la mzindawo anali kutunga madzi pa mpopi umodzi wa mu Broad Street. Patapita zaka 30, Robert Koch wa ku Germany anakalekanitsa kachilomboka ndi tinzake ali ku Calcutta. Kakalowa m'matumbo kudzera m'madzi kapena m'chakudya, kamatulutsa ululu umene umachititsa matumbo kukhetsa madzi ndi mchere. Wodwala amatsegula m'mimba zooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamphamvu amene anakoka khoka m'mawa akhoza kumwalira dzuwa lisanatuluke mawa lake. Chomupha ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Nzeru yatsopano ndi iyi. Kachilombo kalikonse kali ndi malangizo a chibadwa chake otchedwa DNA, ndipo makina a masiku ano amatha kuwawerenga onse. Poyerekeza malangizo a tizilombo totengedwa m'maiko osiyanasiyana, akatswiri amadziwa chibale chake, monga momwe akulu a m'mudzi amalondolera mbumba kufikira kwa agogo ake. M'chaka cha 2017 kafukufuku wamkulu wotere anasonyeza kuti miliri ya kolera imene yagwa mu Africa chiyambire 1970 inachokera ku Asia, ndipo inalowa kokwana 11 kapena kuposa, itanyamulidwa m'matupi a anthu apaulendo. M'chaka cha 2024, Dr. Chrispin Chaguza, mwana wa dziko lino, ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atawerenga tizilombo ta mliri wathu. Anapeza kuti tambiri tinali ta fuko lotchedwa AFR15, lobwera chatsopano kuchokera ku Asia komweko.

Tanthauzo lake n'lalikulu kwa anthu a ku Nkhotakota. Nyanja imene imatipatsa usipa, kampango ndi chambo si ndiyo imabala kolera. Kachilombo kamafika ndi munthu, ndipo madzi amangokanyamula pamene munthuyo wadzithandiza pamchenga, m'bango kapena ali m'bwato. Choopsa n'chakuti ambiri amene ali nako sadwala konse, komabe amakataya m'chimbudzi chawo kwa masiku angapo. Pa doko pamene asodzi, ogula nsomba ndi amalonda ochokera kutali amasonkhana, zimbudzi zili zowerengeka, ndipo pamalo pamene mayi atsuka mbale pomweponso mwana atunga madzi akumwa. Dothi la mchenga nalonso limagwetsa zimbudzi msanga, ndipo madzi osefukira, monga aja a ku Dwangwa m'chaka cha 2024, amasakaniza zonyansa ndi zitsime.

Koma owerenga asaganize kuti tizilombo tonse ndi adani. M'matumbo a munthu aliyense wamoyo muli tizilombo tosawerengeka tothandiza kugaya chakudya ndi kutchinga toipa. Umboni wina wa zimenezi unachokera m'Malawi muno. M'chaka cha 2013 gulu la Prof. Jeffrey Gordon wa ku America, mogwirizana ndi madokotala a ku College of Medicine ku Blantyre, linalengeza zotsatira za kafukufuku wa mapasa 317 a m'midzi ya kum'mwera. Panali mapasa ena odya mbale imodzi, koma mmodzi n'kutupikana ndi kwashiyoko mnzake ali bwino. Atasamutsa tizilombo ta m'mimba mwa ana odwalawo n'kutiika mu mbewa, mbewazo zinaonda pamene zinadyetsedwa chakudya chonga cha anawo. M'chaka chotsatira gulu lomwelo linapeza ku Bangladesh kuti kachilombo kena kokhala m'matumbo a anthu athanzi kamafooketsa mphamvu ya kachilombo ka kolera. Chifukwa chake kudya bwino kwa ana ndi kusamwa mankhwala opha tizilombo popanda uphungu wa achipatala ndi mbali ya nkhondo yomweyi, pakuti mankhwala otere sasankha, amapha toipa ndi tabwino pamodzi.

Boma, mothandizana ndi bungwe la World Health Organization ndi UNICEF, linalandira katemera wakumwa wokwana 2.9 miliyoni m'mwezi wa November 2022, ndipo mu February 2023 linakhazikitsa ntchito ya Tithetse Kolera. Katemerayu anali wosowa pa dziko lonse, kotero kuti kuyambira mu October 2022 anthu anali kulandira kamodzi m'malo mwa kawiri. Chitetezo cha katemera wa kamodzi sichikhalitsa, ndipo sichingalowe m'malo mwa madzi abwino ndi chimbudzi. Unduna unalengeza kutha kwa mliriwo mu July 2024, koma akulu anati madzi saiwala khwawa. Malinga ngati njira zimene kachilombo kanadzera zili chitsegukire, mlendo wina adzadzeramo.

Nanga mphunzitsi ndi kalaliki wa pa boma achitepo chiyani? Choyamba, aphunzitse kuti madzi a m'nyanja, a mu Bua kapena a pachitsime chosatetezedwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini asanamwedwe, ngakhale akuoneka oyera, chifukwa diso silingaone kachilombo. Chachiwiri, pa sukulu iliyonse pakhale chimbudzi chovundikira ndi pamalo posamba m'manja ndi sopo, kuti ana akatengere khalidweli kwa makolo awo. Chachitatu, munthu akayamba kutsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati palibe, asakanize timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo azimwa ali pa ulendo wa ku chipatala. Pamene odwala afika msanga, omwalira safika mmodzi pa 100 alionse. Pa mliri wathu anali pafupifupi atatu, ndipo kuchedwa kunali chimodzi mwa zifukwa zake.

Akatswiri achita mbali yawo potionetsa mdani ndi njira imene anadzera. Kutseka njirayo ndi ntchito ya mafumu, makomiti a pa madoko, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi, ndipo iyenera kuyamba mvula isanagwe.