Musanayambitse Bungwe Lothandiza Osowa Pokhala ndi Ozunzidwa M'banja, Yambani Mwaphunzira

Nkhani yathu ya lero tikuipereka makamaka kwa inu amayi ndi abambo amene mtima umakupwetekani mukaona mayi atagona ndi khanda pakhonde la sitolo ku Limbe, kapena mukamva kulira kwa mkazi amene akumenyedwa m'nyumba yoyandikana ndi yanu. Ena mwa inu mwafika poganiza kuti, "Ine ndiyambitsa bungwe loti lithandize anthu otere." Maganizo amenewa ndi abwino ndithu, ndipo dziko likusowa anthu a mtima wotero. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pantchito iyi, phulalo sadya woyambitsa bungwe yekha, amadya ndi munthu uja anabwera kudzafuna chithandizo. Choncho tiyeni tione zimene munthu ayenera kuphunzira asanalembe dzina la bungwe pachikwangwani.

Phunziro loyamba ndi kudziwa kuti osowa pokhala sali a mtundu umodzi. Alipo amene nyumba zawo zinakokoloka ndi madzi, monga zinachitikira mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anasamutsa anthu oposa 600,000 m'chigawo cha kum'mwera. Alipo ana amene amagona m'misika ndi m'madepoti a basi. Alipo amayi amasiye amene achibale a malemu anawalanda nyumba maliro atangotha. Ndiye alipo amene anathawa nkhanza m'banja. Ambiri mwa otsirizawa simungawaone pamsewu. Amagona m'khitchini mwa mlongo wawo, lero kuno mawa uko, akuchita manyazi kunena kuti alibe kwawo. Apa ndi pamene mavuto awiriwa amakumanirana. Mayi amene anapita kuchitengwa, akakhala m'mudzi wa mwamuna, pa munda wa mwamuna, tsiku limene wathawa chibakera ndi tsiku lomwelo limene wataya denga, munda ndi nkhokwe. Amene afuna kuthandiza ozunzidwa sangalithawe funso la pogona, ndipo amene afuna kuthandiza osowa pogona adzapeza kuti ambiri anachoka kwawo chifukwa cha nkhanza.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa boma woona za chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakwatiwapo, amayi 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Abambo ena nawonso amazunzidwa, ndipo amabisa koposa poopa kusekedwa, koma ochuluka mwa ovulala ndi amayi ndi ana.

Phunziro lachiwiri ndi kuleka kufunsa funso lija timakonda kufunsa, lakuti, "Nanga bwanji osangochokako?" Munthu amene akali kufunsa chotere sanakonzeke kuyamba ntchitoyi. Mayi amakhalabe chifukwa ndalama zonse zili m'manja mwa mwamuna, chifukwa ana ali pasukulu, chifukwa ankhoswe anamubweza kawiri namuuza kuti banja ndi kupirira, ndiponso chifukwa anaopsezedwa kuti akadzachoka adzaphedwa. Chiopsezo chimenechi si chongonena. Amene agwira ntchito imeneyi m'maiko osiyanasiyana amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti nthawi yoopsa koposa kwa mayi wozunzidwa ndi pamene akuchoka ndiponso miyezi yoyamba atachoka, chifukwa wozunza uja amaona kuti ulamuliro wake ukutha. Dziwaninso kuti amayi ambiri amachoka n'kubwereranso, kenaka n'kuchokanso. Wothandiza amene amakwiya mayi akabwerera kwa mwamuna wake amatseka khomo limene mayiyo adzalifune mawa.

Tiyeni tione pang'ono zimene anzathu a kunja anaphunzira. M'chaka cha 1971, ku Chiswick mumzinda wa London, mayi wina dzina lake Erin Pizzey pamodzi ndi anzake anatsegula kanyumba koti amayi azikumanirapo ndi kucheza. Posakhalitsa anayamba kufika amayi ovulala, ali ndi ana awo, akupempha pogona. Kanyumba kaja kanasanduka imodzi mwa nyumba zoyamba za masiku ano zobisalirako amayi othawa nkhanza. Onani kuti ntchitoyo inabadwa chifukwa chomvetsera zimene amayiwo ankasowa. Ku New York nako, m'chaka cha 1992, katswiri wa zamaganizo Sam Tsemberis anayamba njira yotchedwa Housing First. Kale osowa pokhala ankauzidwa kuti ayambe asiya mowa kapena achira matenda a maganizo, ndipo pambuyo pake adzapatsidwa nyumba. Iye anatembenuza ndondomekoyo: munthu apatsidwe nyumba poyamba, chithandizo china chimutsatire ali pansi pa denga. Dziko la Finland linatenga njira imeneyi m'chaka cha 2008, ndipo chiwerengero cha anthu okhala nthawi yaitali opanda nyumba chinatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Chuma chathu si cha ku Finland ayi, koma phunziro lake likutikhudza. Mayi amene sadziwa kumene ana ake agone usiku uno sangamve bwino uphungu, ndipo sangaphunzire kusoka.

Phunziro lachitatu ndi kudziwa malamulo a dziko lino ndi zimene zilipo kale. M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli limapatsa khoti mphamvu yolamula wozunza kuti aleke nkhanza ndi kusayandikira wozunzidwa, ndiponso mphamvu yolamula kuti wozunzidwayo ndiye akhale m'nyumba, wozunzayo atuluke. Taonani kufunika kwake: nthawi zina chithandizo chenicheni si kumupezera mayi malo othawirako, koma kumuperekeza kukhoti kuti asachoke n'komwe panyumba pake. Lamulo la 2010 limateteza ana ndi kufotokoza za kasamalidwe kawo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa amasiye m'gulu la milandu. M'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 akhale mwana, wosayenera kulowa m'banja. M'chaka chomwecho Khoti Lalikulu linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu, limene linkachititsa kuti osauka azimangidwa chifukwa chongopezeka pamsewu.

Kunena za malo othandizira, kupolisi kuli nthambi yotchedwa Victim Support Unit, imene imalandira madandaulo a ozunzidwa. M'zipatala zikuluzikulu, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene wozunzidwa amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamalo amodzi, kuti asamafotokoze zowawa zake khomo ndi khomo. M'boma lililonse muli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Pali lamya yaulere ya 116 yothandizira ana, ndi ya 5600 yonenerapo nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Alipo mabungwe amene agwira ntchito zaka zambiri, monga YONECO ku Zomba ndi Chisomo Children's Club imene imathandiza ana a m'misewu. Munthu amene sanapondeko kumalo amenewa sangadziwe chimene chikusoweka m'dera lake, ndipo angathe kumanga chimene chilipo kale n'kusiya mpata weniweni uli pululu.

Tsono tinene mosabisa za ngozi zimene mtima wabwino wopanda nzeru ungabweretse. Tiyerekeze kuti mayi wafika kwa inu usiku, nkhope itatupa. Inu mwachifundo mwamusunga, ndipo m'mawa mwaitana mwamuna wake kuti muwayanjanitse. Mwamunayo wapepesa pamaso panu, koma tsopano wadziwa kumene mkazi wake amathawira, ndiponso wadziwa kuti waulula. Kapena tiyerekeze kuti mwajambula chithunzi cha mayiyo n'kuchiika pa Facebook pofuna kupempha thandizo la ndalama. Chithunzicho chidzafika m'manja mwa munthu yemwe akumusakasaka. Chinsinsi pantchito imeneyi ndi moyo wa munthu. Tiyerekezenso kuti mtsikana wagwiriridwa Lachisanu, ndipo inu mwati tidikire Lachiwiri mfumu ikabwera. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiko kwabwino. Amene sadziwa zimenezi angathe kumutayitsa mwanayo mwayi umene sudzabwereranso. Chimodzimodzinso kusonkhanitsa ana a m'misewu n'kuwasunga m'nyumba mwanu popanda chilolezo cha boma: n'kulakwira lamulo, ndipo kumaika anawo pachiswe, popeza palibe amene akuyang'anira za kasamalidwe kawo.

Nanga munthu angaphunzire bwanji? Choyamba, pitani kukadzipereka ku bungwe limene lilipo kale, mugwire ntchito yongothandiza kwa miyezi yambiri, ngakhale chaka chathunthu, kuti muone dzinja ndi chilimwe, nyengo ya njala ndi nyengo yokolola. Chachiwiri, chezani ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu, apolisi, anamwino, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndipo muwafunse funso limodzi: "Munthu akabwera kwa inu, mumasowa kumutumiza kuti?" Yankho lawo ndilo lidzakuonetsani ntchito yanu. Mwina mudzapeza kuti chosowa si nyumba yaikulu, koma ndalama ya basi yopitira kukhoti, chipinda chogonamo masiku atatu, kapena munthu woperekeza mayi kuchipatala. Chachitatu, mverani eni ake vutolo, amene anapulumuka ku nkhanza ndi amene anagonapo panja, ndipo ena mwa iwo akhale nawo pagulu lotsogolera. Chachinayi, phunzirani uphungu kwa odziwa, chifukwa kumva zowawa za anthu tsiku ndi tsiku kumatopetsa mtima, ndipo wothandiza nayenso amafuna womuthandiza.

Pambuyo pa zonsezi ndi pamene pamabwera za mapepala. Bungwe liyenera kukhala ndi malamulo ake olembedwa, gulu la anthu okhulupirika oliyang'anira, ndi buku la ndalama loonekera poyera. Liyenera kulembetsedwa mwalamulo, ndiponso ku bungwe la boma loyang'anira mabungwe omwe si aboma lotchedwa NGORA, limene linalowa m'malo mwa NGO Board lamulo litasinthidwa m'chaka cha 2022. Chaka ndi chaka mumayenera kupereka lipoti la ntchito ndi la ndalama. Muyeneranso kudziwitsa khonsolo ya boma lanu musanayambe ntchito. Ndipo dzifunseni mwachilungamo: kodi ndalama za opereka thandizo zikadzatha, amayi amene ndawasunga adzapita kuti? Walira mvula walira matope. Nyumba yothawirako imene yatsekedwa patatha miyezi isanu ndi umodzi imabweza anthu kumene anathawa kuja.

Omvera athu, mwina mutaphunzira zonsezi mudzaona kuti bungwe latsopano likufunikadi, ndipo mudzaliyamba maso ali otseguka. Mwinanso mudzaona kuti mphamvu zanu zingapindule koposa mukaziphatikiza ndi za anzanu amene ali kale pantchito, pakuti mutu umodzi susenza denga. Njira zonse ziwirizi ndi zaulemu. Chachikulu si dzina lanu pachikwangwani, koma kuti mayi uja ndi ana ake agone mosaopa usiku uno, ndi mawa lomwe.

Ndipo ngati pakati pa inu amene mukumvera pali wina amene akuzunzidwa, dziwani kuti cholakwa si chanu. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, pitani kupolisi kapena kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kapena imbani lamya pa 5600, ndipo za ana pa 116.