Dzanzi la m'mapazi ndi mantha a kusabereka kwa omwa maantibayotiki

Pa ntchito yanga ya udokotala, odwala amene akumwa maantibayotiki kwa miyezi ingapo amakonda kundifunsa mafunso awiri. Loyamba amafunsa poyera: "Adokotala, mapazi akundiwotcha usiku, kodi si mankhwalawa?" Lachiwiri amadikira kuti namwino atuluke kaye, kenako motsitsa mawu: "Kodi ndidzaberekanso?" Limene limandidetsa nkhawa ine ndi loyambalo, koma limene limasiyitsa anthu mankhwala ndi lachiwirilo.

Za mapazizo ndi zoona. Mwa mankhwala a chifuwa chachikulu (TB), omwe amamwedwa miyezi 6, muli isoniazid. Ameneyu amachepetsa vitamini B6 m'thupi, pamene mitsempha yonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo imadalira vitaminiyo. Mitsempha yofika ku zala za kumapazi ndiyo yaitali koposa, n'chifukwa chake vuto limayambira kumeneko, mapazi onse awiri pamodzi: dzanzi, kutentha, kubayabaya, mwina kumva ngati nyerere zikuyenda pansi pa khungu. Likalekereredwa limakwera m'miyendo, kenako m'manja. Amene ali ndi HIV, odwala shuga, amayi oyembekezera, operewera zakudya m'thupi ndi okonda mowa ndiwo amagwidwa msanga.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti chitetezo chake n'chapafupi. Kapilitsi kakang'ono ka pyridoxine, komwe timapereka pamodzi ndi isoniazid, ndi vitamini B6 yemweyo. Ena amakasiya m'botolo poganiza kuti n'kongowonjezera. Chonde, kameneko musamakadumphe.

Mitsempha ya maso ndi makutu nayonso imakhudzidwa. Ethambutol angachititse munthu kuona mwachimbuuzi kapena kulephera kusiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Jakisoni wa kanamycin anagonthetsa anthu ambiri odwala TB yosamva mankhwala, mpaka mu 2018 bungwe la WHO linalangiza kuti asiyidwe. Linezolid, amene ali m'mankhwala atsopano a TB yotereyi, nayenso amafuna kuti tizifunsa za mapazi ndi maso ulendo uliwonse.

Koma amenewa amamwedwa achipatala akuyang'anira. Amene amandiopsa kwambiri ndi Flagyl ndi cipro ogula pagolosale kapena kumsika. Munthu m'mimba mukangowawa wameza awiri, sabata yamawa enanso, mwezi n'kutha. Flagyl wa masiku 5 kapena 7 kawirikawiri savuta, koma akapitirira milungu ingapo angawononge mitsempha. Za mankhwala a gulu la cipro, bungwe la FDA ku America linachenjeza mu 2013 kuti dzanzi lake lingayambe m'masiku ochepa ndipo mwa ena silitha.

Nanga kubereka? Apa mantha ndi aakulu kuposa umboni. Mankhwala ena, monga nitrofurantoin akamwedwa wambiri, angachepetse mbewu ya abambo kwa kanthawi. Koma thupi limapanga mbewu yatsopano mosalekeza, ndipo imakhwima pakatha masiku pafupifupi 74. N'chifukwa chake timati bambo akafuna kuyezetsa umuna, adikire miyezi itatu atachira. Kutentha thupi kwa matendawo pakokha kumatsitsanso mbewu, ndiye mlandu umagwera mankhwala pamene wolakwa ndi nthenda.

Amene amatseketsadi njira ya ana ndi matenda osachizidwa bwino. Chinzonono ndi chlamydia zikakwera m'chiberekero zimasiya zipsera m'machubu a mayi, dzira n'kusowa podutsa. Kwa abambo zimatseka tinjira ta umuna. TB nayo imatha kufika m'machubu. Mayi amene wasiya mankhwala pa tsiku lachitatu poopa kuuma, ndiye amene akudziika pa ngozi youma.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa, ndipo n'chosemphana ndi manthawo. Rifampicin, mankhwala a TB aja amafiiritsa mkodzo, amachititsa chiwindi kuphwanya msanga mankhwala olera. Mapilitsi olera ndi timitengo ta pamkono monga Jadelle zimachepa mphamvu, mayi n'kuima asakuyembekezera. Depo ndi lupu zimagwirabe ntchito. Mayi aliyense woyamba mankhwala a TB atiuze njira yolera imene akugwiritsa ntchito, ngakhale titaiwala kufunsa.

Mitsempha imachira pang'onopang'ono, ndipo ikavulala nthawi yaitali mwina siibwerera mwakale. Dzanzi la masiku ochepa tingaligonjetse powonjezera pyridoxine kapena kusintha mankhwala. La miyezi yambiri nthawi zina limakhala la moyo wonse. Mukamva mapazi akutentha, maso akuchita mdima kapena makutu akulira, musadikire tsiku lolembedwa m'buku lanu lachipatala, ndiponso musasiye mankhwala panokha, chifukwa TB yosiyidwa panjira ingabwerere yosamva mankhwala. Bwerani sabata yomweyo, mutatenga mankhwala onse amene mukumwa, ndi ogula kumsika omwe.