Chidole chimene mwana sachikhudza

Tsiku la msika pa Migowi, ukadutsa pomwe amayala nandolo ndi matemba a ku Chilwa n'kulowa kwa a kaunjika, sipalephera kupezeka zidole ziwiri zitatu pansi pa mulu wa nsapato za ana. China chilibe mkono, china tsitsi lake lachikasu lidapotana ngati chisa cha mpheta, china diso limodzi lidakana kutseguka. Zidabwera m'belo limodzi ndi majuzi, ndipo mtengo wake ngokambirana. Mayi amachinyamula, kuchitembenuza, kenako n'kuchibweza pansi, pakuti ndalama ya sopo siingathere pa chidole. Mwana amene ali pambali pake maso amangoti tong'o mpaka amukoke dzanja.

Komatu mwana ameneyu sagona wopanda chidole. Kuno ku Phalombe chidole amachita kupanga. Mtsikana akatola chitsononkho pankhokwe, amachikulunga m'kansanza, kuchiluka tsitsi ndi ulusi wa thumba, n'kuchibereka kumbuyo ndi kachidutswa ka chitenje cha amayi ake. Basi mwana wabadwa, ndipo kumasanje adzadya nawo nsima ya dothi. Anyamata nawo amapita kudambo kukakumba makande, aja omata kumapazi dzinja likafika, n'kuumba ng'ombe za linunda ndi anthu a mitu ikuluikulu. Aziyanika padzuwa, asewere nazo masiku awiri, mvula ikagwa zonse n'kusungunuka. Palibe amalira nthawi yaitali. Dothi likadalipo kudambo.

Mu June chaka cha 2025, mumzinda wa Beijing ku China, chidole china chidagulidwa pa okushoni ndi ndalama pafupifupi madola 150,000 a ku America, zomwe pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo zidaposa K250 miliyoni. Dzina lake ndi Labubu: kachilombo ka makutu ataliatali ngati kalulu, maso aakulu ndi mano asanu ndi anayi osongoka. Chimene chidagulidwacho chinali chachikulu, msinkhu wa mwana wa pulayimale, koma tambiri timakhala tating'ono, tokoleka pachikwama. Adakajambula koyamba ndi Kasing Lung, mmisiri wobadwira ku Hong Kong, m'chaka cha 2015, ndipo kampani ya Pop Mart idayamba kukagulitsa mu 2019. Ogula ake ambiri ndi akuluakulu a ndevu zawo ndi amayi a pantchito, osati ana. Woimba wina wotchuka, Lisa wa gulu la Blackpink la ku South Korea, atangooneka nako mu 2024, anthu adachita ngati agwidwa ndi mutu waukulu.

Chinsinsi chake chagona pa kagulitsidwe. Kachidoleko kamabwera m'bokosi lomata, ndipo wogula sadziwa kuti muli mtundu uti mpaka atalipira n'kutsekula. Pa mitundu isanu ndi umodzi yodziwika, kampani imabisamo wina wachisanu ndi chiwiri, wosowa, womwe pa magulu ambiri umapezeka m'bokosi limodzi lokha pa mabokosi 72. Ndiye munthu amagula, n'kupeza kamene ali nako kale. Agulenso, kabwerenso komweko. Amene adaonapo mnyamata akutha ndalama ya ganyu pa masewero olosera mpira pafoni sangavutike kuzindikira matenda amenewa. Ndi njuga yovala ubweya. Mu May 2025 Pop Mart idayamba yaimitsa kugulitsa tizidoleti m'masitolo ake a ku Britain chifukwa anthu ankakanganirana pamzere, ena mpaka kugwirana m'makolala.

Nzeru yochepetsa dala katundu kuti anthu amulimbirane siidayambe ndi Labubu. Kampani ya Mattel, imene idatulutsa Barbie m'chaka cha 1959, idazindikira kalekale kuti atsikana amene adakula ndi chidolechi asanduka amayi a ndalama zawo. Kuyambira 1988 imatulutsa Barbie wapadera wa nyengo ya Khirisimasi chaka chilichonse, ndipo pali ena opangidwa mowerengeka, okhala ndi chikalata chotsimikiza kuti ndi enieni. Mu 2010, Barbie wovala mkanda wa diamondi weniweni adagulidwa pa okushoni ku New York ndi madola 302,500. Lamulo la osonkhanitsa zidolezi ndi limodzi: usatsekule bokosi. Ukangong'amba pepala, mtengo watsika. Motero chidole chimakhala zaka makumi atatu chili chiimire kuseri kwa pulasitiki, osaberekedwa, osapesedwa tsitsi, osapatsidwa dzina. Mdzukulu akabwera kudzacheza, chipinda chimenecho amachikiya.

Tisafulumire kuseka, chifukwa nafenso tili ndi zathu. Tsekulani sutikesi ya agogo anu aakazi, ija ya pansi pa bedi. Pansi penipeni mupeza nsalu yopindidwa bwino, yonunkha mankhwala a njenjete, imene sadaifundepo chichokereni tsiku lake. Mwina ndi ya nkhope ya Kamuzu, ya masiku amene mbumba inkavina pa bwalo la ndege. Mwina ndi ya chikondwerero cha mpingo. Mwina ndi ya Mulhako wa Alhomwe, ya chaka chimene adakwera lole kupita kwa Chonde koyamba. Nsalu zotere amadinda kamodzi, zikatha zatha. Muwapemphe kuti muberekere mwana, muone momwe akuyang'anireni. Ulusi wake ndi womwewo wa nsalu ya pamsika, koma iwo akusunga tsiku, anzawo amene adayenda nawo, ndi umboni woti analipo. Wosonkhanitsa zidole ku London kapena ku Tokyo naye nthawi zambiri akufunafuna ubwana wake, kapena chidole chimene makolo ake adalephera kumugulira. Amapezanso anzake, amasinthana, amaitanizana kumisonkhano. Pamenepo sindiona cholakwika.

Ndipo zoti munthu wamkulu n'kunyamula chidole sizachilendo kwa Mlhomwe. Onerani tchopa. Ng'oma zitatu zikagunda, ovina akamazungulira, ena amakhala atabereka mtolo kumbuyo: zikopa za nyama, timakasu, zida za uzimba, ziwiya zakale za kukhitchini, ndipo pakati pa zonsezo kachidole kakungogwedezeka mutu. Bungwe la UNESCO litalemba tchopa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, zidolezi zidatchulidwa nawo pofotokoza zovala za ovina. Chidole cha wovina tchopa chimamwa fumbi ndi thukuta, chimathyoka, amachimanga ndi luzi n'kubwereranso m'bwalo. Mwini wake sangachigulitse, koma sangachitsekerenso m'kabati.

Zimavuta pamene munthu wasiya kukonda chidole n'kuyamba kuchiona ngati banki. Anthu a ku America adaphunzira zimenezi ndi misozi. M'chaka cha 1993, kampani ya Ty Warner idatulutsa tinyama tansalu todzaza ndi timikanda ta pulasitiki, totchedwa Beanie Babies, pa mtengo wa madola asanu okha. Warner ankatumiza tochepa kusitolo iliyonse, kenako mwadzidzidzi n'kulengeza kuti kanyama kakutikakuti kapuma pantchito, sikapangidwanso. Mtengo wake pakati pa ogulitsana unkakwera nthawi yomweyo. Mabanja adadzaza zipinda ndi tinyamati poganiza kuti tidzalipirira ana sukulu ya ukachenjede. Mu 1999 ku Las Vegas, bambo ndi mayi ena amene banja lawo linkatha adagwada pansi m'khoti, pamaso pa woweruza, kugawana mulu wa tizidole kamodzikamodzi ngati akugawana mbuzi. Pasanathe zaka ziwiri msika udagwa. Tinyama tambiri tomwe anthu ankatisunga ngati golide lero timagulitsidwa pamulu, ndipo musadabwe kukumana nato m'belo la kaunjika ku Limbe kapena pa Migowi pomwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kampani ndi imene imagwira kiyi wa kusowako. Lero inena kuti zilipo zochepa, mawa ikaona kuti anthu ali ndi njala, makina ayambenso kulira usiku ndi usana, ndipo amene adagula modula kuti adzagulitse modula koposa amatsala atagwira njakata. Pambali pake pamamera akuba. Labubu wachinyengo wachuluka mpaka adapatsidwa dzina lakelake, Lafufu, ndipo ogula amachita kuwerenga mano kuti adziwe ngati sadapusitsidwe. Mu August 2025 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha ogula lidachenjeza kuti tachinyengoti timaduka msanga, ndipo mwana akameza kachidutswa akhoza kutsamwa.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu okhuta, sizikutikhudza. Akweze maso ayang'ane phiri.

Pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, pomwe atsamunda adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, pali njira yokwera ku Sombani. Kumtunda kumeneko n'kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi kupatula paphiri limeneli. Mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Thabwa lake chiswe sichiligwira, siliola msanga, ndipo fungo lake limakhalabe ngakhale patapita zaka zambiri. Amisiri a m'mphepete mwa phiri akhala akusema nalo timabokosi tosungira mikanda, ndodo zoyendera, tinjovu ndi ziboliboli za anthu, zomwe alendo okwera phiri amagula ku Likhubula ndi m'malo ena. Mlendo akafika, wogulitsa samuuza zambiri. Amangotsekula kabokosi n'kumufikitsira pamphuno, kenako n'kumunong'oneza kuti mtengo umenewu ukutha, akachedwa sadzaupezanso.

Mawu amenewa ndi omwe aja a Ty Warner, kungoti wa ziboliboli sakunama. Kalembera amene adachitika mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Phiri lomwe lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927 lidatsala ndi zitsa. Mu 2019 mtengowu udalowetsedwa m'pangano la CITES, lomwe limaletsa kuutulutsa m'dziko popanda chilolezo. Kampani ya zidole ikafuna imatha kupanga zina miliyoni m'mwezi umodzi. Mkungudza umafuna zaka makumi ambiri kuti ufike pochekeka, ndipo moto wa osaka mbewa ndi nyama ukadutsa kamodzi, mbande zonse psiti.

Tinene chilungamo: osema ziboliboli si amene adamaliza mkungudza. Adaumaliza ndi macheka a matabwa, aja ankasenzedwa pamutu kutsika phiri usiku, opita kukakhoma madenga, zitseko ndi mabwato, ndipo ogula ake sanali anthu osauka. Wosema nthawi zambiri amatola zotsala, nthambi ndi zitsa. Koma mtima wa wogula ndi umodzi. Chinthu chikamveka kuti chikutha m'pamene amachifuna kwambiri, mtengo wake n'kukwera, ndipo mnyamata amene nandolo wake mavenda adamugula motchipa amayamba kuona phiri ngati munda. Apa kukoma kwa chosowa kumadya chosowacho. Ndidamvapo munthu wophunzira bwino akudandaula za kutha kwa mkungudza, kwinaku akunyadira kuti iye adachita mwayi, zitseko za nyumba yake zonse ndi za mtengo womwewo.

Achinyengo nawonso alipo, ngati kwa Labubu komwe. Ndani sadziwa kuti chiboliboli chakuda bii chimene akukuuzani kuti ndi phingo nthawi zina chimakhala mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo amakazindikira ali kwawo, chitang'aluka ndi kuzizira, m'kati mukuoneka moyera.

Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya za nkhalango komanso midzi yozungulira phiri, lakhala likufesa mbande za mkungudza m'manazale n'kukazibzala kumtunda. Amayi ambiri a m'midzi imeneyi apezako ya mchere posamalira timachubu ta mbandezo. Mu July 2025, UNESCO idalemba phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse, ndipo zikuyembekezeka kuti alendo achuluka. Aliyense wa iwo potsika adzafuna kunyamula kanthu kokaonetsa kwawo, kanthu koti anzake alibe. Mbande zomwe zidabzalidwa zaka zapitazi zambiri sizinafike n'pomwe pa denga la nyumba, ndipo amene adazisenza kukwera nazo ku Sombani sadzakhalapo pamene zidzakhwime.