Kunola lumo kumafuna dzanja lopepuka

Tsiku la msika ku Lunzu, Lizulu kapena Mponela sipasowa munthu amene akunola chikwanje kapena nkhwangwa. Amagwira tupa mwamphamvu n'kumakhula, thukuta lili kamukamu, ndipo chitsulo chimathwa ndithu.

Koma munthu akatengera mphamvu zomwezo pa lumo lometera ndevu, ndiye kuti waliwononga. Ambiri amene amayamba kuphunzira kunola lumo amagwa mphwayi pa chifukwa chomwechi: amanola tsiku lonse, koma akaliika patsaya limangokoka ndevu, mwinanso kusiya mabala.

Lumo limene likukambidwa pano ndi lija lopinda, lokhala ndi chigwiriro ngati mpeni wam'thumba, limene salowetsamo lezala. Ena amalipeza m'katundu wosiyidwa ndi agogo, ena amachita kuitanitsa kunja pamtengo wokwera. Ubwino wake ndi woti likasamalidwa limatha kukhala zaka makumimakumi mwiniwake osagulanso lezala.

Malumo otere adali akupangidwa kale mumzinda wa Sheffield ku England m'chaka cha 1680. Mizinda ina imene idatchuka pa luso lomweli ndi Solingen ku Germany, kumene kampani ya Dovo idakhazikitsidwa mu 1906, ndi Thiers ku France, kwawo kwa kampani ya Thiers Issard yomwe idayamba mu 1884.

Zinthu zidasintha pamene King Camp Gillette wa ku America adalandira chiphaso cha umwini wa shevala yogwiritsa ntchito lezala yotaya mu 1904. Amuna adaona kuti kutaya lezala n'kosavuta kusiyana ndi kunola, ndipo luso lonola lumo lidayamba kuzilala. Ngakhale kuno ku Malawi, malumo a amisiri osula, amene makolo ankametera pamaliro ndi pachinamwali, adasiyira malo lezala.

Lumo limasiyana ndi mpeni pa kupyapyala. Mbali ziwiri za kukamwa kwa mpeni wa kukhitchini zimakumana pa madigiri 30 mpaka 40, pamene za lumo zimakumana pa madigiri 15 mpaka 18 okha. Chitsulo chopyapyala chotere chimapindika munthu akachidinikiza. Chikapindika, nsonga yeniyeni imanyamuka pamwala, ndipo mwala umadya kumbuyo kwake m'malo modya pofunikapo.

N'chifukwa chake tupa siyenera kuyandikira lumo. Makina onolera a magetsi ndiye oopsa kwambiri, pakuti amatenthetsa chitsulo mpaka kufewa, ndipo lumo lofewa silisunganso kuthwa.

Chida choyenera ndi mwala wonolera. Miyala ya m'masitolo imakhala ndi manambala, ndipo nambala ikamakula mwala umakhala wosalala kwambiri. Onola malumo amayambira pa 1000, kenako 4000, n'kupita pa 8000, ndipo ena amamalizira pa 12000. Ilinso miyala yachilengedwe, monga wachikasu wotchedwa coticule umene umakumbidwa kudera la Vielsalm ku Belgium.

Mwala wotuwa wa m'mahadiweya, umene amayi amanolera mipeni, ndi wokhakhala kwambiri ndipo umabenthula lumo. Amene alibe mwala wa 1000 angathe kuyamba ndi sandipepa wam'madzi wa nambala 1000 ndi 2000, amene amagulitsidwa m'masitolo a penti wa galimoto, atamuyala bwino pagalasi lonyowa. Komabe izi zimathandiza poyambira pokha. Pomalizira pamafunika mwala wosalala.

Asanayambe, wophunzira atsimikize kuti mwala wake ndi wathyathyathya. Ajambule mizere ya pensulo pamwalapo, kenako aukhule pa sandipepa woyalidwa pagalasi. Mizere yonse ikafufutika, mwala wakonzeka. Ikatsala pakati, ndiye kuti mwala uli ndi chigwa, ndipo lumo silingakhudze mofanana.

Ponola mpeni munthu amanyamula msana wake pang'ono. Lumo ayi. Amisiri adalipanga mwakuti msana wake wochindikala ndiwo umapereka kapendekedwe koyenera. Choncho lumo ligone pamwala wonyowa, msana ndi kukamwa zonse zikhudze nthawi imodzi. Ena amamata tepi ya magetsi pamsana kuti usaperepeseke, koma akayamba ndi tepi ayenera kumaliza nayo.

Lumo liyende kukamwa kuli patsogolo, ngati likufuna kusenda mwalawo. Poyenda likhale likutsetserekera chammbali, kuchokera kuchigwiriro kupita kunsonga, kotero kuti ulendo wopita ndi wobwerera upange chilembo cha X. Pofika kumapeto kwa mwala, lumo litembenuzidwe pamsana, kukamwa kukuyang'ana kumwamba. Kulitembenuza pakukamwa kumafafaniza ntchito yonse kamodzi n'kamodzi.

Akatswiri a ntchitoyi amagwirizana pa mfundo imodzi, yoti kuthwa kwa lumo kumabadwira pamwala woyamba. Apa ndi pamene mbali ziwiri zija zimadyeka mpaka kukumana. Miyala yotsatirayo imangosalaza zimene mwala woyamba wachita. Ngati mbalizo sizidakumane pa 1000, ngakhale munthu atakhala pa 12000 mpaka dzuwa kulowa, adzapeza lumo lonyezimira ngati kalilole koma lobuntha.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya. Amathamangira mwala wosalala chifukwa ndiwo wodula, poganiza kuti ndiwo uli ndi mankhwala. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali njira zosavuta zodziwira ngati nthawi yosintha mwala yakwana. Yoyamba ndi kupaka inki ya maka m'mphepete mwa kukamwa, mbali zonse ziwiri, kenako n'kunola maulendo atatu kapena anayi. Pamene inki yatsala ndi pamene mwala sukukhudza.

Yachiwiri ndi kuyang'ana kukamwa kwa lumo pakuwala kwa dzuwa kapena tochi. Malo obuntha amaoneka ngati kamzere koyera konyezimira, pamene malo akuthwa saoneka n'komwe. Yachitatu ndi kumeta ubweya wapamkono. Lumo lochokera pa 1000 liyenera kumeta ubweyawo mosavuta kuchigwiriro, pakati ndi kunsonga. Likakanika pamalo amodzi, wophunzira asachoke pamwalawo.

Pamwala woyamba dzanja likhoza kulemerako pang'ono, ngati mmene munthu amadinikizira labala pofufuta pensulo. Kuyambira pa 4000, dzanja lizipepuka, ndipo pamwala womaliza lumo liyende ndi kulemera kwake kokha. Munthu anole maulendo 20 kapena 30, aime, apukute, ayang'ane. Mikwingwirima ya mwala wam'mbuyo ikatha, apite pamwala wotsatira. Lumo litsukidwe asanasinthe mwala, chifukwa kamchenga kamodzi ka mwala wokhakhala kamakanda ntchito yosalala.

Ukatha mwala pamabwera chikopa. Chikhale chosalala, choyera, chopanda misoko kapena zokongoletsa, ndipo lamba wakale wotambalala amatha kugwira ntchitoyi. Amene alibe chikopa angayambire pa nyuzipepala yopindidwa bwino. Lamba amangiriridwe pachitseko kapena pamsomali ndi kukokedwa kuti akungike.

Pachikopa lumo limayenda mosemphana ndi pamwala: msana patsogolo, kukamwa pambuyo. Kutembenuza kuli pamsana pomwepo. Maulendo 40 kapena 50 odekha ndi okwanira. Liwiro la m'mafilimu limathera m'kudula lamba, ndipo lamba wolendewera kapena msana wonyamuka zimapinda nsonga imene yatenga maola kuti ipezeke.

Chikopa chimafunika nthawi iliyonse munthu asanamete, pamene mwala umafunika patapita miyezi, lumo likayamba kukoka ndevu. Pamenepo sipafunikanso kubwerera pa 1000. Maulendo ochepa pamwala womaliza amabwezeretsa kuthwa.

Ena amayesa lumo lomaliza pogunditsa tsitsi limodzi lolendewera kuti aone ngati liduke. Koma mayeso enieni ali patsaya, ndevu zitafewetsedwa ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo. Lumo lonoledwa bwino limadutsa popanda kukankha. Kuyesera papepala kapena pachikhadabo kumangobunthitsa. Ndi nzerunso kuphunzirira pa lumo lotsika mtengo, la agogo n'kulisunga kaye mpaka dzanja litazolowera.

Akatha kumeta, lumo lipukutidwe mpaka kuuma, pakuti malumo ambiri ndi a chitsulo chochita dzimbiri msanga, makamaka nyengo ya dzinja. Kadontho ka mafuta a makina osokera kamateteza. Lisungidwe lopinda, pamalo pamene ana safikira.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya magazi. Lumo lakuthwa limacheka ngakhale katswiri, ndipo kamagazi kosaoneka ndi maso kangathe kunyamula matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7. Katemera wa matendawa adayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti abambo ambiri obadwa chakacho chisanafike sadalandire ali ana. HIV nayo imatha kufala kudzera m'zida zocheka zimene zakhudza magazi.

Mwala ndi chikopa siziphera tizilombo. Choncho lumo likhale la munthu mmodzi, ndipo chikopa chake chisabwerekedwe. Lumo logulidwa kwa munthu wina litsukidwe ndi sopo ndi kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo lisanafike pakhungu. M'malo ometera anthu ambiri, choyenera ndi chigwiriro cholowetsamo lezala yatsopano, yotsekulidwa kasitomala akuona.

Bambo amene akufuna kusiyira mwana wake lusoli angathe kumubwereka mwala ndi kumugwira dzanja kuti amve kupepuka kwake. Koma lumo amugulire lakelake.