Alembi a nkhani zaupandu ndi ntchito yotsatsa mabuku awo

Nkhani zaupandu, zija zokamba za kuphana, umbava ndi kufufuza milandu, zili m'gulu la mabuku oyenda malonda kwambiri ku Britain ndi ku America. Chifukwa cha phindu lake, mabuku otere amatuluka ambirimbiri chaka chilichonse, moti latsopano limamira msanga pakati pa anzake. Makampani osindikiza amathira ndalama zambiri zotsatsira pa alembi otchuka kale, pomwe wongoyamba kumene amayenera kudzithamangira yekha.

Ubwino wa buku pawokha sukwanira kuligulitsa. Mu April 2013 kunatuluka buku lotchedwa The Cuckoo's Calling, lolembedwa ndi Robert Galbraith, dzina lomwe panalibe ankalidziwa. Ounika mabuku analiyamikira, koma ogula anali ochepa. Mu July chaka chomwecho zinaululika kuti Galbraith ndi J.K. Rowling, mlembi wa Harry Potter, ndipo m'masiku ochepa bukulo linakwera pamwamba pa mabuku ogulidwa kwambiri. Nkhani inali yomweyo. Chinasintha ndi dzina.

Ngakhale zili choncho, alembi ambiri amaopa kutsatsa. Kulemba ndi ntchito ya munthu mmodzi atadzitsekera m'chipinda, ndipo anthu oikonda nthawi zambiri amakhala ofatsa. Ena amaona ngati kutamanda buku lawo ndi kudzikweza. Ena amaopa kuitanidwa kusitolo ya mabuku n'kupeza mipando ili mbee, kapena kufunsidwa funso pawailesi n'kusowa choyankha. Mlembi wa nkhani zaupandu ali ndi vuto linanso lapadera: kukoma kwa buku lake kwagona pa chinsinsi cha amene anapalamula mlanduwo, choncho ayenera kukopa anthu popanda kuulula chomwe chingawakope kwambiri.

Manthawa sasankha wotchuka. Agatha Christie, yemwe mabuku ake amawerengedwa padziko lonse, anali wamanyazi kwambiri. Tsiku lina anafika molawirira pa phwando lokondwerera sewero lake la The Mousetrap ku Savoy Hotel mu London. Wapakhomo anamubweza, iye osalimba mtima kunena kuti phwandolo ndi lake. Dorothy L. Sayers, mtsogoleri wa gulu la alembi la Detection Club, atamwalira mu 1957, Christie anavomera kutsogolera gululo pokhapokha wina azimuyankhulira pamisonkhano, ndipo ntchitoyo anaisenza Lord Gorell.

Njira yaikulu yomwe alembiwa apeza yothetsera mantha ndi kuyendera pamodzi, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Detection Club inayamba mu 1930, bungwe la Mystery Writers of America mu 1945, ndipo Crime Writers' Association inakhazikitsidwa ndi John Creasey mu 1953. Mabungwe awiri omalizawa amapereka mphoto za Edgar ndi Dagger, zomwe osindikiza amazilemba pachikuto kuti zimuyankhulire mlembi. Sisters in Crime, bungwe lomwe Sara Paretsky anathandiza kuyambitsa m'ma 1980, linabadwa amayi ataona kuti manyuzipepala sankaunika mabuku awo mofanana ndi a abambo. Mu 2000 Margaret Murphy anasonkhanitsa alembi anzake a kumpoto kwa England, kuphatikizapo Ann Cleeves ndi Martin Edwards, n'kupanga gulu la Murder Squad, lomwe linkayendera limodzi malaibulale ndi masitolo. Pagulu lotere munthu amatamanda buku la mnzake, mnzakeyo n'kutamanda lake, ndipo palibe amene amaoneka wodzitama.

Zikondwerero za mabuku zimatsata nzeru yomweyo. Bouchercon inayamba ku America mu 1970, chikondwerero cha ku Harrogate mu 2003, ndipo Bloody Scotland imachitikira ku Stirling kuyambira 2012. Kawirikawiri alembi atatu kapena anayi amakhala kutsogolo pamodzi ndi wotsogolera zokambirana. Safunsidwa kuti atamande mabuku awo. Amafunsidwa momwe anaphunzirira ntchito ya apolisi, chifukwa chomwe anasankhira mzinda wakutiwakuti, kapena momwe amabisira wolakwa mpaka tsamba lomaliza. Zokambirana zikatha, omvera amafola pamzere pa tebulo pomwe mlembi akusaina mabuku. Wamanyazi amapepukidwa chifukwa akukamba za ntchito yake, osati za iye mwini.

Alipo ena amene analimba mtima paokha. Buku loyamba la John Grisham, A Time to Kill, linatuluka mu 1989 makope 5,000 okha. Iye anagulako 1,000, n'kumayenda nawo m'galimoto kukagulitsa m'malaibulale a ku Mississippi. James Patterson, amene ankagwira ntchito kukampani yotsatsa malonda ya J. Walter Thompson, anakonza yekha uthenga wotsatsa buku lake la Along Came a Spider pawailesi yakanema mu 1993, nthawi yomwe osindikiza sankakhulupirira njirayi.

Intaneti yatsegula khomo kwa amene safuna kuima pagulu. Alembi ambiri amasonkhanitsa ma imelo a owerenga n'kumawatumizira kalata buku likatsala pang'ono kutuluka. Ena amalipira mauthenga otsatsa pa Facebook ndi Amazon. Popeza nkhani zaupandu zimakonda kutsatana, wofufuza milandu mmodzi akubwerabe buku ndi buku, mlembi amatsitsa mtengo wa buku loyamba podziwa kuti wolikonda adzagula otsatirawo. L.J. Ross anadzisindikizira yekha buku la Holy Island mu 2015, ndipo linafika pamwamba pa mabuku a pa intaneti a Kindle ku Britain.

Kutsatsa kuli ndi malire ake. Mu 2012 zinadziwika ku Britain kuti alembi ena ankagwiritsa ntchito maina abodza pa intaneti poyamikira mabuku awo, wina mpaka kunyoza a anzake. Alembi ambiri anasaina kalata yodzudzula mchitidwewu. Owerenga nkhani zaupandu amagula kwambiri potsatira zomwe anzawo awauza, choncho mlembi wogwidwa akunama amataya chikhulupiriro chomwe malonda a mabuku ake otsatira amadalira.