Galimoto yakale ndi ntchito yokoka boti kapena ngolo

Pa madooko athu ambiri, kuyambira ku Makanjira, Malindi ndi Msaka mpaka ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, simulephera kupeza imodzi mwa galimoto zija zazitali miyendo: Toyota Hilux Surf, Prado yakale kapena Mitsubishi Pajero. Zambiri zinapangidwa m'zaka za m'ma 1990, zinabwera kuchokera ku Japan zitagwira kale ntchito, ndipo pano zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi. Ndi zomwezi zimene zimavuula boti m'madzi, kukokera ngolo ya mpunga kumchini, kutengera usipa wouma ku Limbe kapena ku Lilongwe. Usiku mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, ambulansi ya mudzi ndi yomweyo. Ikafa, wolira si mwini wake yekha.

Galimoto zimenezi n'zolimba ndithu, koma chimene chimazipha kawirikawiri kuno kwathu si ukalamba ayi. Ndi kutentha.

Mlamu wanga anali ndi Surf ya injini ya dizilo ija amati 1KZ-TE, ya malita atatu. Tsiku lina mu Okutobala ananyamuka masana ndi ngolo yodzaza matumba a nsomba, kulowera ku Dedza kudzera pa Golomoti. Ali pakati pa chitunda cha Khwekhwelere anaona kamuvi kosonyeza kutentha kakukwera, nati mumtima, "ndingomaliza kaye kona iyi." Anamalizadi, koma hedi ya injini inali itang'aluka. Ndalama ya nsomba zonse za ulendo umenewo inathera kwa makaniko, inaperewera, ndipo galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi isanu.

Injini imeneyi hedi yake ndi ya aluminiyamu pamene thunthu lake ndi lachitsulo, ndipo ikatenthedwa mopitirira, hediyo imang'aluka. Inzake yaing'ono ya 2L-TE nayonso imadziwika ndi nthenda yong'aluka hedi. Choipa china n'chakuti kamuvi ka pa Toyota zakalezi kamangokhala pakati nthawi yaitali ngakhale madzi akutentha kuposa muyezo. Kakayamba kusuntha, dziwani kuti zinthu zafika kale patali. Ndiye ntchito yeniyeni ndi yapakhomo, musananyamuke.

Yambani ndi redieta, injini ili yozizira. Isuzumireni kutsogolo mutawalitsa tochi kumbuyo kwake. Kuwala kukapanda kudutsa, ndiye kuti timipata take tatsekeka ndi matope, njere za udzu ndi tizilombo. Kuno kunyanja tili ndi mlendo wina amene a ku Japan sankamuganizira, ntchentche za nkhungu zija: mukadutsa m'chimtambo chake kamodzi kokha, zimamatirira pa redieta ngati phala. Tsukani ndi madzi othira pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini kutulukira kutsogolo. Musakolokose ndi waya, timapepala take n'tofewa.

Kenako fani. Pa galimoto zimenezi fani siimangika mwachindunji. Pakati pake pali kachitsulo kozungulira kokhala ndi mafuta olimba ngati uchi, kamene kamaigwira mwamphamvu injini ikatentha. Mafutawo akatha, fani imazungulirabe, maso n'kumakuuzani kuti zonse zili bwino, koma mphepo siikoka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini itazima, ikankheni ndi dzanja. Yabwino imalimbalimba n'kuima msanga. Ikapitiriza kuzungulira yokha ngati gudumu la njinga, yatha ntchito. Komanso injini ikatentha pa chitunda, fani yabwino imamveka kubangula. Ngati simunaimvepo chaka chonse, ikayikireni. Makaniko wodziwa amatha kuitsegula n'kuthiramo mafuta ena, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa hedi.

Chivundikiro cha redieta musachipeputse. Ndicho chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire msanga, ndipo labala wake akang'ambika madzi amawira n'kumatayika pang'onopang'ono. Finyaninso mapaipi a labala: lofewa kwambiri, lotupa kapena long'aluka lisinthidwe.

Za madzi othiramo, pano ndiye ambiri timalakwa. Madzi a mijigo yambiri ya m'mbali mwa nyanja ndi amchere, mukudziwa nokha mmene amachitira m'ketulo. Zoyera zija zimamera m'ketulo zimameranso m'timachubu ta redieta mpaka kutitseka, ndipo dzimbiri limadya injini m'kati. Kingani madzi a mvula oyera, musefe, musakanize ndi mankhwala ake aja amati coolant. Palinso chizolowezi cha amakaniko ena chochotsa thermostat, ati kuno n'kotentha kale. Ine sindigwirizana nacho. Pa injini zambiri zamtunduwu kachipangizo kameneka kakatseguka kamatsekanso njira yachidule ya madzi kuti onse adutse mu redieta. Mukakachotsa, madzi ena otentha amangozungulira m'injini osakazizira. Kakawonongeka gulani kena.

Nanga kamuvi kakakwera muli panjira? Patukani pomwepo, osati pa kona yotsatira. Ngati madzi sakutayika pansi ndipo lamba wa fani sanaduke, musazimitse msanga: isiyeni ilire pang'onopang'ono, mutsegule boneti, muyatse hita ya m'kati mpaka kumapeto. Mutuluka thukuta, inde, koma hitayo ndi redieta yaing'ono yothandiza kuchotsa kutentha. Koma mukaona madzi akuchucha kapena nthunzi ikutuluka, zimitsani nthawi yomweyo. Chivundikiro musatsegule kufikira mutatha kugwira paipi yapamwamba ndi dzanja osapsa, chifukwa madzi ake amathovokera kumaso. Ndipo madzi ozizira a mumtsinje sathiridwa m'injini yotentha, ndi mmene hedi zina zimang'alukira.

Hedi kapena gasiketi ikayamba kuwonongeka imapereka zizindikiro: madzi kuchepa tsiku ndi tsiku popanda pamene akudonthera, thovu lotuluka mosalekeza pakamwa pa redieta injini ikulira, utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Zikatero musakokenso katundu.

Kulemera kwa ngolo

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ngolo yopanda mabuleki akeake, monga zambiri zimene amawotcherera akatswiri athu pa matauni ang'onoang'ono, siyenera kupitirira makilogalamu 750, kuphatikiza kulemera kwa ngoloyo. Ngati ngoloyo payokha ikulemera 250, katundu wotsala ndi 500, kutanthauza matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50. Khumi basi. Ndikudziwa kuti ena mukuseka, paja timaona matumba makumi atatu pa ngolo imodzi. Injini imakoka ndithu, nkhani ili poima. Mabuleki a galimoto anawapangira kulemera kwa galimotoyo, ndiye mwana akathamangira mbuzi mumsewu, ngolo yolemera imakukankhani kumbuyo mpaka pamene simunafune kufika. Layisensi ya B nayonso imalekezera pa ngolo ya makilogalamu 750. Yoposa pamenepo imafuna EB.

Kapakiridwe kake n'kofunika mofanana ndi kulemera. Katundu wochulukirapo, ngati magawo asanu ndi limodzi mwa khumi, akhale kutsogolo kwa matayala a ngolo, kuti mlomo wake uzitsamira pa chitsulo chokokera ndi kulemera pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la ngolo yonse. Mukalemetsa kumbuyo, ngolo imayamba kugwedeza mchira mukangothamanga pang'ono, ndipo imatha kugubuduza galimoto. Eni maboti samalani apa, chifukwa injini ya boti imakhala kumbuyo kwenikweni. Ndi bwino kuimasula n'kuiika m'galimoto, matanki ndi maukonde n'kuwasunthira kutsogolo. Ngolo ikayamba kuvina musaponde buleki mwamphamvu kapena kulimbana ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro lizitsika lokha.

Yang'anani chitsulo chokokera ngati chamangidwa pa chasisi ndi mabawuti olimba, osati kuwotchereredwa pa bampala. Mangani unyolo wachitetezo, ndipo magetsi a ngolo aziyaka. Ambiri timayenda m'bandakucha kuthamangira msika, nthawi imene ngolo yopanda nyali siioneka.

Galimoto ya otomatiki, dinani batani lija la O/D OFF mukamakoka m'zitunda. Giya yapamwamba ikamalowa n'kutuluka, oyilo wa giyabokosi amatentha kwambiri, ndipo poti amakazizira m'munsi mwa redieta yomwe ija, kutentha kwake kumawonjezera mavuto a injini. Oyiloyu akhale wofiira. Akada n'kumanunkha chopserera, musinthe. Ya giya yamanja, tsitsani giya msanga injini isanayambe kulira movutika, ndipo phazi lisagone pa kalachi.

Potsika, monga pa Khwekhwelere pomwepo kapena pochokera ku Namwera kutsikira ku Mangochi, lowetsani giya imene mukanakwerera, injini ndiyo izigwira galimoto. Mukadalira buleki yokha, imatentha, mafuta ake amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndi angati mwa ife amene tinasinthapo chigulireni galimoto?

Pagombe

Mchenga umafuna matayala ofewa. Phwetsani mpweya kufika cha pa 1.5 bar, tayala limatambalala n'kumayenda pamwamba m'malo mokumba. Lowetsani giya yamphamvu ya matayala onse anayi, 4L, musanatitimire, osati mutatitimira kale, ndipo nyamukani mofatsa. Matayala akayamba kuzungulira pamalo amodzi, imani. Moto uliwonse mukuwonjezera ukukumba dzenje lanu lomwe. Fukulani mchenga, ikani matabwa kapena nthambi, masulani ngolo ngati n'kotheka. Mukatuluka popani matayala musanalowe pa tala, apo ayi amatentha n'kuphulika. Chotsaninso 4WD. Pa Surf zakale zopanda difu yapakati, kuyenda pa tala matayala onse anayi atagwira kumapotokola zitsulo za pansi. Pajero yokhala ndi Super Select imalola 4H pa tala, koma osati 4HLc kapena 4LLc.

Pano mverani bwino. Galimoto ikatitimira, musamangirire chingwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kaja. Anakapangira kukoka mofatsa, osati kukoka modzidzimutsa. Kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo m'maiko ena kapha anthu amene anakhala m'galimoto yokokayo. Mangani pa ngowe za pa chasisi, yalani thumba lonyowa pakati pa chingwe kuti chikaduka chigwere pansi, ndipo ana onse aja amakonda kudzaonerera athamangitsidwe patali.

Madzi a m'nyanja yathu si amchere, koma amawononga m'njira ina. Mukafika pagombe mutayenda ulendo, maberingi a ngolo ndi difu ya galimoto zimakhala zotentha. Mukazimiza mwadzidzidzi, mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera m'malabala. Dikirani kotala la ola, uku mukumasula zingwe za boti. Galimoto isalowe mpaka difu kumira. Ikalowa, masulani bawuti yothirira oyilo wa difu musuzumire: akaoneka ngati mkaka, mutayeni. Maberingi a ngolo yolowa m'madzi amafuna girizi watsopano pafupipafupi. Mukaima panjira, gwirani pakati pa gudumu lililonse. Lotentha kuposa linzake likukuchenjezani.

Zina n'zachidule. Oyilo wa injini, wa 15W-40, asinthidwe pamodzi ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 alionse. Fyuluta ya mpweya igogodeni kawirikawiri m'chilimwe. Dizilo wa m'zigubu amabwera ndi madzi ndi zinyalala, ndiye muzimusefa pa nsalu yoyera. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali pomasula kuti madzi atuluke, ndipo pamwamba pake pali kapampu kopopa ndi dzanja: galimoto ikakana kulira mutasintha fyuluta kapena mafuta atathera panjira, popani mpaka kalimbe. Ikangoti "tcha" osazungulira, tsukani kaye mitu ya batire musanaweruze sitata. Mukafika kuchokera kokoka katundu, isiyeni ilire mphindi ziwiri kuti tebo izizire.

Chimodzi chokha musachiyesere pansi pa mtengo ngati simunachionepo chikuchitika: lamba wa taimingi. Pa 1KZ-TE amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavavu. Pajero ya injini ya 4D56 nayo ndi ya lamba, pamene ya 4M40 ili ndi tcheni. Vuto n'lakuti pa galimoto yogula kwa munthu wachitatu palibe amene amadziwa tsiku limene lambayo anasinthidwa, ndipo kanyali kolembedwa T-BELT ena amangokazimitsa osasintha kanthu. Ngati wokugulitsaniyo sanakuonetseni lisiti, muyese kuti sanasinthe. Mu Novembala ndi Disembala, makoka akapachikidwa poti nyanja yatsekedwa, galimoto imakhala ndi mpata wogona ku galaja masiku awiri. Lembani makilomita ndi tsiku m'kabuku, mukasunge m'galimoto momwemo.