KAZEMBE ANAPHA MKAZI WACE CIFUKWA CA KAMPANGO

PA 1 November 1604, ku nyumba ya mfumu James I mu mzinda wa London, anthu anaonerera sewero la kazembe wa nkhondo amene anapha mkazi wace wosalakwa cifukwa ca kampango kopukutira kumaso. Papita zaka zoposa 400, koma seweroli, lochedwa Othello, licitikabe m'maiko ambiri. Oonerera akamabwerera kwao amatsutsana pa funso limodzi: kodi wolakwa kweni-kweni ndani, wonamayo kapena wokhulupirira bodzayo?

Analemba seweroli ndi William Shakespeare wa ku Mangalande, amene anabadwa mu 1564 namwalira mu 1616. Ndi limodzi la masewero ochedwa acisoni, amene amatha ndi kugwa kwa munthu womveka. Masewero otere anayamba kale pakati pa Agriki. Mphunzitsi wao wochuka, Aristotle, amene anamwalira m'caka ca 322 Kristu asanabadwe, anafotokoza kuti ngwazi ya sewero lacisoni isakhale munthu wopanda banga, ndiponso isakhale munthu woipitsitsa. Ikhale munthu wolemekezeka amene agwa cifukwa ca kuphonya kwace. Akagwa woipa, anthu amangoti zamukwana. Koma akagwa munthu wabwino, oonerera amagwidwa ndi cifundo ndi mantha, poona kuti naonso zingawagwere.

Ngwazi yace

Othello anali Mmoor, munthu wakuda wokhala pakati pa azungu a mu mzinda wa Venice ku Italy. Anakulira ku nkhondo, anagwidwapo ukapolo naomboledwa, ndipo anakwera kufikira anakhala mkulu wa asilikali. Anali wofatsa ndi wosakonda phokoso. Usiku wina anthu atamdzera ndi malupanga, iye anawaletsa ndi mau okha, popanda kukhetsa mwazi.

Anakwatira Desdemona, mwana wa nduna Brabantio, mobisa, atate ace a mkaziyo osadziwa. Mlandu utafika pamaso pa akulu a mzinda, Desdemona anabvomera yekha kuti anamkonda mwamunayo. Usiku womwewo boma linatuma Othello ku cisumbu ca Cyprus kukachinjiriza malowo kwa asilikali a dziko la Turkey, ndipo mkazi wace anamtsata. Nkhondoyo sinacitike, pakuti namondwe anaononga zombo za adani panyanja. Koma mdani woopsa koposa anali m'gulu la Othello lomwe.

Mdani wace

Mdaniyo anali Iago, msilikali wa zaka 28, wonyamula mbendera ya kazembe. Anawawidwa mtima pamene Othello anapatsa udindo wa waciwiri wace kwa Cassio, mnyamata wophunzira koma wosazolowera nkhondo. Iago anachulanso zifukwa zina za udani wace, monga kukaikira kuti Othello anagona ndi mkazi wace Emilia, koma iye mwini anabvomera kuti analibe umboni.

Coopsa mwa Iago ndi cakuti sanali kuoneka ngati mdani. Pafupi-fupi onse m'seweroli amamucha munthu woona mtima. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Anali waluso pozindikira pamene munthu ali wofooka. Anadziwa kuti Cassio sapirira mowa, namumwetsa, ndipo Cassio ataledzera anacita ndeu nacotsedwa pa udindo. Pambuyo pace Iago anadza ngati bwenzi, namlangiza kuti akapemphe Desdemona amnenere kwa mwamuna wace. Anadziwa kuti mkaziyo ndi wacifundo ndipo sadzakana. Motero ukoma mtima wa Desdemona unasanduka msampha womkola iye mwini.

Kwa Othello, Iago sanayambe ndi kunena poyera kuti mkazi wanu ali ndi cibwenzi. Anali kungoponya mau pang'ono, nkukhala cete ngati munthu woopa kuulula cinsinsi, kufikira Othello yekha anamkakamiza kuti anene. Tsono anamkumbutsa kuti mkazi amene ananyenga atate ace angathenso kunyenga mwamuna wace, ndi kuti iye pokhala mlendo sadziwa makhalidwe a akazi a ku Venice.

Umboni wokha wooneka ndi maso unali kampango, mphatso yoyamba imene Othello anapatsa Desdemona. Kampangoko katagwa pansi, Emilia anakatola napatsa mwamuna wace, osadziwa colinga cace. Iago anakakasiya m'cipinda ca Cassio. Othello ataona kampangoko kali kwa anthu ena, anatsimikiza mtima. Usiku anapha Desdemona pakama pomtsamwitsa, mkaziyo ali kudandaula kuti sanalakwe.

Khomo linali lotseguka kale

Pano ndi pamene pali nzeru ya seweroli. Iago ndiye amalankhula mau ambiri kuposa wina ali yense, kuposa ngakhale Othello, koma dzanja limene linapha Desdemona silinali lace. Bodza lace linamera cifukwa linapeza nthaka yofewa. Othello anali wolimba mtima pamaso pa mikondo, koma m'mtima anali kudzikaikira. Anali kuganiza za khungu lace, za msinkhu wace woposa wa mkaziyo, ndi za kusadziwa kwace miyambo ya anthu amene anali kuwatumikira. Anazoloweranso maweruzo a ku nkhondo, kumene munthu amagamula msanga nacita pomwepo.

Safunsa anadya phula. Othello sanaitane Cassio kuti ayankhe mlandu pamaso pace. Pamene anafunsa Emilia, mkaziyo nacitira umboni wabwino Desdemona, iye anakana kumva, pakuti anali atagamula kale. Ukwati wao unalibe nkhoswe kapena mkulu wina wokhazika awiriwo pansi. Phungu wace anali mmodzi yekha, ndiye wofuna kumuononga.

Coonadi cinaturuka mwa munthu amene sanali kuwerengeredwa. Emilia atamva za kampango, anaulula zonse pamaso pa anthu, ngakhale mwamuna wace anamlamula kukhala cete. Iago anamubaya namupha pomwepo. Othello atazindikira cimene anacita, anadzibaya nafera pa mtembo wa mkazi wace. Iago anagwidwa, koma anakana kufotokoza cifukwa cace anacita zonsezi. Ambiri amanena kuti ngati m'seweroli muli munthu wolimba mtima koposa onse, ndiye Emilia.

Pamene ngwazi isanduka cirombo

M'sewero lina la mlembi yemweyo, Macbeth, lolembedwa ca m'ma 1606, ngwazi ndi woipa ali m'thupi limodzi. Macbeth anali kazembe wa ku Scotland, wotamandidwa ndi mfumu Duncan cifukwa ca kugonjetsa oukira. Mfiti zitatu zinamlosera kuti adzakhala mfumu, koma sizinamuuze kuti aphe munthu. Maganizo akupha anabadwa mwa iye yekha, ndipo mkazi wace anawasonkhezera. Anapha Duncan ali mlendo m'nyumba mwace, pambuyo pace anaphetsa bwenzi lace Banquo, kenaka mkazi ndi ana a Macduff. Ufumu anaupeza, koma tulo tinamthawa, mkazi wace anasokonezeka mutu namwalira, ndipo iye anaphedwa ndi Macduff.

Othello anagwa ndi nsanje, Macbeth anagwa ndi kusirira mpando. Onse awiri anamva mau ocokera kunja, koma mauwo anagwirizana ndi cimene cinali kale m'mitima yao. Ndico cifukwa cace oonerera samangodana nao, amawamveranso cisoni.

Mbali ya Othello inali kuseweredwa ndi azungu odzipaka zakuda kumaso kwa zaka zambiri. Ira Aldridge, munthu wakuda wa ku America, anaisewera ku Covent Garden mu London mu 1833, ndipo Paul Robeson anaisewera mu mzinda womwewo mu 1930. Mu 1987 John Kani anaisewera ku Market Theatre mu Johannesburg, pa nthawi ya tsankho la mitundu ku South Africa, patangopita zaka ziwiri cicotsedwere lamulo loletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda.

Kuti munthu amve phunziro la seweroli safunika kuoloka nyanja. Pali ponse pamene anthu akhalira pamodzi, pamapezeka wina wodza madzulo ndi nkhani yonong'ona, nati wanena cifukwa ca cikondi. Wolandira nkhani yotere ayenera kufunsa kuti wonenayo apindulapo ciani, ndi kuitana wonenedwayo kuti ayankhe pamaso pa akulu. Othello akadacita zimenezi, mlandu wa kampango ukadatha tsiku limodzi, popanda maliro.